Kamwedwe ka vitamini C mukadwala chimfine kapena matenda ena a vairasi

Chimfine chikangokugwira, mphuno yatseka, pakhosi pakukanda, thupi lonse likuphwanya, mawu oyamba amene umamva kwa anthu ndi akuti "imwa vitamini C uchira pompano". Sikuti amanama dala ayi, vitamini ameneyu thupi limamufunadi, koma vuto lake nlakuti ambirife timangomeza osadziwa kuti tameza wochuluka bwanji, tikumwera chani kwenikweni, komanso m'paketi tagulayo mwasakanizidwa zinthu zina ziti. Nde ndati ndifotokoze bwinobwino mmene munthu angamwere kuti apeze kaphindu kamene kalipoko koma osadzivulaza, chifukwa kudzivulaza nkotheka ndithu ngakhale anthu amati ndi vitamini chabe.

Tiyambe ndi kumvana chinthu chimodzi: vitamini C sapha vairasi. Chimfine wamba chimabwera ndi mavairasi a mitundu yoposa 200, ambiri mwa iwo ndi a gulu la rhinovirus, ndipo chimene chimathana nawo ndi chitetezo cha m'thupi mwanu momwemo, nthawi zambiri pamasiku 7 mpaka 10, ngakhale kachifuwa kamatha kutsalira mpaka masabata atatu. Ntchito ya vitaminiyu ndi kuthandizira chitetezocho kuti chigwire ntchito yake, maselo oyera a m'magazi amamusunga wambiri, amathandizanso kuti mabala apole, nkhama zikhale zolimba komanso kuti thupi litenge ayironi kuchokera m'zamasamba. Mbuzi, galu, ng'ombe zimadzipangira zokha vitaminiyu m'chiwindi, ife anthu sitingathe, tiyenera kumupeza m'chakudya basi. Munthu akamusowa kwa miyezi amadwala matenda a scurvy aja, nkhama kutuluka magazi, kufooka, mabala osapola, matenda amene ankapha amalinyero ambiri pamaulendo ataliatali a panyanja, ndipo dokotala James Lind anayesa kupatsa odwala malalanje ndi mandimu mu 1747 nkuona kuti akuchira.

Nanga zoti amachiza chimfine zinachokera kuti? Amene anazitchukitsa ndi Linus Pauling, katswiri wa sayansi wa ku America amene anapata mphoto ya Nobel kawiri, mu 1954 ndi 1962. Mu 1970 anatulutsa buku lolimbikitsa anthu kumwa vitamini C wambirimbiri kuti apewe chimfine, ndipo poti anali munthu wolemekezeka dziko lonse linamumvera. Kuchokera pamenepo akatswiri akhala akuyesa nkhaniyi kambirimbiri, ndipo mu 2013 bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku wa anthu oposa 11,000, woyerekeza amene ankamwa mamiligalamu 200 kapena kuposa tsiku lililonse ndi osamwa. Zimene anapeza nzofunika muzimve bwino chifukwa malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepa.

Kwa munthu wamba, kumwa vitamini C tsiku ndi tsiku sikunachepetse kuchuluka kwa nthawi zimene amadwala chimfine, ankadwalabe chimodzimodzi ndi anzawo osamwa. Chimene chinasintha ndi kutalika kwa matenda, kwa akuluakulu kunachepa ndi 8 peresenti, kwa ana 14 peresenti, kutanthauza kuti chimfine cha sabata imodzi chimafupika ndi theka la tsiku kapena kuposerapo pang'ono. Gulu lokhalo limene linapinduladi kwambiri ndi la anthu ovutitsa thupi moopsa, othamanga mipikisano ya marathon, asilikali ochita maphunziro kumalo ozizira kwambiri ndi otsetsereka pachipale chofewa, amenewa mwayi wodwala unatsika ndi theka. Koma apa nde pagona nkhani: anthu amene anayamba kumwa chimfine chitayamba kale, momwe ambirife timachitiramu, sanaonetse phindu lodalirika, masiku odwala sanachepe moti munthu nkuloza.

Nthawi ya COVID-19 anayesanso. Ku Cleveland Clinic ku America anatenga odwala 214 amene ankachirira kunyumba, ena anawapatsa vitamini C wokwana mamiligalamu 8,000 patsiku, ena zinki, ena zonse ziwiri, ena sanawapatse chilichonse mwa izi, ndipo kafukufukuyo anamuimitsa asanathe chifukwa panalibe kusiyana kooneka pa kuchira, zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Chimene chinachuluka kwa omwa vitamini wambiriwo ndi nseru, kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula.

Nde mwina mukuti, basi tisiye kumwa? Ine sindikunena zimenezo. Munthu akadwala chilakolako cha chakudya chimathawa, ena amatha masiku akungomwa tiyi, ndipo nthawi yomweyo vitamini C wa m'magazi amatsika chifukwa thupi likumugwiritsa ntchito kwambiri. Ngati mumasuta fodya, ngati ndinu okalamba, ngati zipatso ndi masamba mumadya mwa apo ndi apo, kumwa kapilisi kamodzi patsiku pamene mukudwala nkwanzeru ndithu, mukutseka mpata umene chakudya chasiya. Chongofunika muzimwa mukudziwa kuti ndi chothandizira, osati mankhwala a matendawo.

Mulingo wake

Mwamuna wamkulu amafunika mamiligalamu 90 patsiku, mkazi 75, mayi woyembekezera 85, woyamwitsa 120, ndipo wosuta fodya awonjezerepo 35 pamwamba pake. Onani manambalawo kenako muyang'ane botolo lanu, mupeza kuti mapilisi ambiri ndi a 500 kapena 1,000, ndiye kuti pilisi limodzi la 1,000 likuposa kakhumi zimene thupi likufuna. Malire amene akatswiri anaika kwa munthu wamkulu ndi 2,000 patsiku, kuwerengera zonse pamodzi, ndipo amenewo ndi malire osati mulingo woti muzifikapo.

Chifukwa chake kumwa wambiri sikuthandiza ndi mmene matumbo amagwirira ntchito. Mukamwa pang'ono, tinene mamiligalamu osapitirira 180 patsiku, thupi limatenga pafupifupi 70 mpaka 90 peresenti. Mukapitirira 1,000 limatenga wosakwana theka, wotsalayo amakhala m'matumbo nkumakoka madzi, nchifukwa chake m'mimba mumayamba kulira kenako kutsegula, ndipo ngakhale amene walowa m'magaziyo akachuluka impso zimamutaya mumkodzo pasanathe maola ambiri. Zili ngati kuthira madzi mu ndowa yodzaza kale, owonjezerawo amangotayikira pansi. Magazi amakhala atakhuta vitaminiyu munthu akamapeza mamiligalamu 200 mpaka 400 patsiku, kupitirira apo phindu limakhala lochepa kwambiri.

Nde chochita nchosavuta. Ngati ndinu wamkulu wopanda matenda ena, mamiligalamu 200 mpaka 500 patsiku akukwanirani pamasiku amene mukudwala. Ngati mwagula a 1,000 ndipo pilisi lake lili ndi kamzere pakati, lithyoleni, theka lero theka mawa, thupi limatenga bwino zogawagawa kusiyana ndi kumeza zonse kamodzi. Amene analembedwa kuti amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba musawathyole kapena kuwatafuna. Imwani mutadya kanthu, ngakhale kochepa, chifukwa vitaminiyu ndi asidi ndipo m'mimba yopanda kanthu amatha kuyambitsa chilungulira kapena nseru, makamaka kwa amene muli ndi zilonda za m'mimba. Mutsirize ndi kapu yodzaza ya madzi, osati kakungomezera chabe. Mukaiwala tsiku lina musamwe awiri mawa lake, ingopitirizani basi.

Pa intaneti muona ena akulangiza kuti muzimwa ola lililonse mpaka m'mimba mutsegule, akuti pamenepo nde mwadziwa mulingo wanu. Chonde musachite zimenezo. Munthu amene thupi latentha akutaya kale madzi ndi thukuta, kumuwonjezera kutsegula m'mimba nkumufooketsa dala, ndipo kwa mwana kapena gogo zikhoza kumufikitsa kuchipatala.

Werengani paketi, apa mpamene ambiri amavulalira

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si vitamini C weniweniyo ayi, ndi zinthu zimene amamusakaniza nazo. Timasacheti ta chimfine tosungunula m'madzi otentha tija, ta fungo la mandimu, kutsogolo amalemba vitamini C ndi zilembo zikuluzikulu, koma mukatembenuza kumbuyo mupeza muli paracetamol, amene ambiri timangoti panado, nthawi zina mamiligalamu 500, 650 kapena 1,000 m'sacheti imodzi. Nde munthu wamwa panado awiri chifukwa mutu ukuwawa, patapita ola wamwa sacheti poganiza kuti ndi vitamini, usiku wamwanso mankhwala a chifuwa amene mulinso paracetamol yemweyo, tsiku likamatha wapitirira malire osadziwa. Malire a munthu wamkulu ndi mamiligalamu 4,000 pamaola 24, osapitirira 1,000 nthawi imodzi, ndipo pazidutsa maola anayi mpaka sikisi musanamwenso. Kupitirira apo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, tsiku loyamba munthu amatha kumva bwinobwino, zizindikiro zimadzaoneka zinthu zitaipa kale. Amene mumamwa mowa kwambiri, amene muli ndi vuto la chiwindi kapena thupi lanu ndi laling'ono kwambiri, malire anu ndi otsikirapo, funsani ku famase. Ngati mwazindikira kuti mwapitirira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukumva bwino, mankhwala oteteza chiwindi alipo ndipo amagwira bwino akaperekedwa msanga.

Masacheti ena mulinso mankhwala otsegula mphuno monga pseudoephedrine kapena phenylephrine amene amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima, nde a BP samalani.

Chachiwiri ndi zinki. Mapilisi ambiri amalembedwa vitamini C ndi zinki pamodzi. Malire a zinki kwa wamkulu ndi mamiligalamu 40 patsiku, akachuluka amabweretsa nseru, m'kamwa kumveka chitsulochitsulo, ndipo mukamwa wambiri kwa miyezi thupi limayamba kusowa mchere wa kopa. Koma nkhani yaikulu ndi iyi, zinki, kashiamu, ayironi ndi magineziyamu zimagwirana ndi mankhwala ena m'matumbo nkuwalepheretsa kulowa m'magazi. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir mvetserani apa: vitamini C payekha alibe vuto ndi mankhwala anu, koma ngati pilisilo lili ndi zinki, ayironi kapena kashiamu, kuphatikizapo lija lolembedwa calcium ascorbate, imwani ARV wanu maola awiri musanamwe vitaminiyo, kapena dikirani maola sikisi mutamwa vitaminiyo, ndipo muwauze a kukiliniki zimene mukumwa. Chimodzimodzi ndi maantibayotiki monga ciprofloxacin ndi doxycycline, asiyanitseni ndi maola. Njira yapafupi yopewera mutu wonsewu ndi kugula vitamini C wopanda chosakaniza chilichonse, wolembedwa ascorbic acid basi.

Muziphatikizanso zonse zimene mukumwa. Pilisi la mavitamini osiyanasiyana m'mawa, losungunula m'madzi masana, timaswiti ta pakhosi, juwisi wowonjezeredwa vitamini, zonsezi zikalowa m'thupi limodzi zimawerengedwa pamodzi. Onaninso ngati nambala yalembedwayo ndi ya pilisi limodzi kapena awiri, makampani ena amalemba ya awiri.

Pa mitundu yake sindichedwapo. Ascorbic acid wamba wotchipa uja amalowa m'thupi chimodzimodzi ndi wochokera m'zipatso, nde musaumirizidwe kugula wodula poti analemba kuti ndi wachilengedwe. Osungunula m'madzi otuluka thovu aja ndi abwino ngati pakhosi pakupweteka moti kumeza pilisi kukuvuta, komanso amakukakamizani kumwa madzi, koma ambiri ali ndi sodiyamu wochuluka, mchere umene a BP, a mtima ndi a impso anauzidwa kuti achepetse. Otafuna ndi timaswiti tofewa tija asidi wake amadya mano mukamawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, mukatha chukuchani m'kamwa ndi madzi ndipo dikirani kaye theka la ola musanatsuke ndi mswachi. Ngati wamba akukuwotchani m'mimba yesani wolembedwa sodium ascorbate, alibe asidi wambiri, koma kumbukirani za mchere zija.

Amene muyenera kufunsa kaye

Ngati munadwalapo miyala ya mu impso, mapilisi a 1,000 asiyeni. Thupi limasandutsa gawo lina la vitamini C kukhala oxalate, chinthu chomwecho chimene chimaumba miyala yambiri ya mu impso. Ku Sweden anatsatira amuna oposa 23,000 kwa zaka zoposa khumi, zotsatira zinatuluka mu 2013, ndipo omwa mapilisi a vitamini C anapezeka ndi miyala pafupifupi kawiri kuposa osamwa. Amene munaumvapo ululu wa mwala ukamatsika mukudziwa kuti si chinthu chosinthanitsa ndi theka la tsiku la chimfine. Ngati impso zanu sizigwira bwino ntchito kapena muli pa dialysis, makina osefa magazi aja, musamwe wowonjezera aliyense popanda dokotala wanu, chifukwa njira yotayira wotsala ija kwa inu ndi yotsekeka.

Amene thupi lanu lili ndi ayironi wochuluka, monga odwala haemochromatosis kapena olandira magazi pafupipafupi chifukwa cha sickle cell kapena thalassaemia, vitamini C amawonjezera kulowa kwa ayironi, nde funsani kaye. Palinso vuto lobadwa nalo lotchedwa kuchepa kwa G6PD, lofala kwambiri kwa amuna a m'madera amene muli malungo, ambiri sadziwa nkomwe kuti ali nalo, ndipo mulingo waukulu kwambiri wa vitamini C, makamaka wa m'dilipi, ukhoza kuphwanya maselo ofiira a magazi. Mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi, maso achikasu, kufooka kodzidzimutsa, siyani kumwa nthawi yomweyo muthamangire kuchipatala.

A shuga, dziwani kuti timakina tina toyezera shuga timasokonezeka vitamini C akachuluka m'magazi nkupereka nambala yolakwika, komanso timaswiti ndi masacheti ambiri muli shuga weniweni. Omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi amene mukulandira chithandizo cha khansa, musawonjezere chilichonse dokotala wanu asanavomere. Amayi oyembekezera, mapilisi amene mumalandira kusikelo pamodzi ndi chakudya nthawi zambiri zimakwanira, simukufunika a 1,000, ndipo masacheti a chimfine aja musamwe osafunsa. Ngati mukukayezetsa chimbudzi kapena mkodzo muwauze kuti mukumwa vitamini C chifukwa amatha kubisa magazi pa zoyeza zina.

Za ana

Mwana si wamkulu wochepa thupi, musamangomuthyolera pilisi lanu mongoyerekeza. Wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika mamiligalamu 15 okha patsiku ndipo malire ake ndi 400. Wa zaka 4 mpaka 8 amafunika 25, malire 650. Wa zaka 9 mpaka 13 amafunika 45, malire 1,200, ndipo achinyamata a zaka 14 mpaka 18 malire awo ndi 1,800. Mukuona kuti theka la lalanje likumukwanira kale mwana wamng'ono. Khanda losakwana chaka limapeza vitaminiyu mu mkaka wa m'mawere kapena wa m'chitini, musalipatse mapilisi kapena madontho pokhapokha achipatala atanena, ndipo pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi likamadwala. Timaswiti ta mavitamini tibiseni patali, mwana amatha botolo lonse poganiza kuti ndi maswiti, ndipo ngati muli ayironi zimenezo ndi zangozi zoopsa.

Pomwe tili pa ana ndinene ziwiri izi. Aspirin musapatse mwana wosakwana zaka 16 amene ali ndi chimfine kapena katsabola, angayambitse matenda a Reye amene amawononga ubongo ndi chiwindi. Uchi umathandiza kufewetsa chifuwa usiku, koma kwa mwana woposa chaka chimodzi basi, osati khanda.

Ngati mukutha kudya

Kunena zoona ngati m'kamwa mukulola, chakudya chikhoza kukupatsani mamiligalamu 200 aja osagula pilisi. Lalanje limodzi lapakati lili ndi pafupifupi 70, gwafa mmodzi amaposa 100, tsabola wofiira wosawawa uja theka la kapu ali ndi pafupifupi 95, papaya, mango, chinanazi, tomato, kabichi ndi mbatata nazo zilinso naye. Mandimu amene timawathamangira kwambiri si amene ali patsogolo, madzi a ndimu imodzi ali ndi pafupifupi 20 okha. Ubwino wa chipatso ndi woti chimabwera ndi madzi, kashuga kopatsa mphamvu ndi zina zimene pilisi lilibe, ndipo palibe amene amafika pa 2,000 podya zipatso wamba.

Vitaminiyu amawonongeka ndi moto, mpweya ndi kuwala, komanso amasungunukira m'madzi ophikira. Nde ngati mukupanga madzi a mandimu musawiritse ndimuyo limodzi ndi madzi, dikirani madzi afunde kenako mufinyire nkumwa nthawi yomweyo. Masamba phikani pang'ono ndi madzi ochepa ndipo msuzi wake musataye. Chipatso chodula dyani pompo osachisiya pambale tsiku lonse. Madzi ofundawo paokha amafewetsa pakhosi ndi mamina, ndipo mpumulo umene mumamva mukamwa nthawi zambiri umachokera pamenepo.

Za dilipi ya vitamini C imene malo ena amatsatsa kuti ikweza chitetezo, ine ndingoti musataye ndalama. Anaiyesa kwa odwala COVID-19 ogonekedwa m'chipatala m'maiko angapo, zotsatira zinatuluka mu 2023, ndipo sinathandize. Ikapanda kuthandiza odwalitsa oterowo, kwa munthu wa chimfine chabe chotsala ndi chiopsezo cha singano, impso ndi vuto la G6PD lija.

Matenda a vairasi si chimfine chokha

Apa ndipamene ndimafuna anthu atamvetsa, chifukwa ngozi yaikulu ya vitamini C ndi kuchedwetsa munthu kunyumba akudikira kuti agwire ntchito. Fuluwenza yeniyeni, ija imakugwetsa mwadzidzidzi ndi kutentha thupi kwambiri, kunjenjemera ndi kuphwanya kwa mafupa, ili ndi mankhwala ake monga oseltamivir amene amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48, nde okalamba, oyembekezera, a mphumu, a shuga, a mtima ndi amene chitetezo chawo nchotsika asataye masiku awiri amenewo akumwa mavitamini. Mashingozi nawo mankhwala ake, aciclovir, amafuna kuyambidwa pasanathe maola 72 zidzolo zitatuluka. Mwana wa chikuku vitamini amene bungwe la WHO limalimbikitsa ndi A osati C, ndipo amaperekedwa kuchipatala pa mulingo wake. Kumene kuli dengue, matenda a vairasi ofalitsidwa ndi udzudzu, musamwe ibuprofen kapena aspirin chifukwa amawonjezera kutaya magazi, paracetamol yekha basi. HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C ali ndi mankhwala ake, palibe vitamini amene angalowe m'malo mwake, ndipo aliyense wokuuzani kuti siyani ma ARV muzimwa mavitamini akukuikani pangozi ya moyo.

Komanso kutentha thupi sikutanthauza vairasi nthawi zonse. Ngati mumakhala kapena mwangochokera kudera la malungo, kayezetseni tsiku lomwelo, malungo amayamba mofanana kwambiri ndi fuluwenza ndipo mwana akhoza kuipiratu pa tsiku limodzi. Maantibayotiki otsala m'kabati musamwe, sagwira vairasi, amangokutsegulani m'mimba nkupangitsa kuti tsiku lina mukadzawafunadi asadzagwire.

Musadikire ngati mukubanika kapena kupuma mothamanga, pachifuwa pakuwawa, milomo yasintha mtundu, mukusokonezeka mutu kapena kuvuta kudzuka, khosi lauma limodzi ndi mutu waukulu, mukusanza chilichonse, mkodzo wasiya kutuluka, mukutsokomola magazi, kapena thupi latentha kupitirira masiku atatu. China chimene anthu amachiphonya ndi kuyamba kuchira kenako nkudwalanso kwambiri, thupi kutenthanso, makhololo kusintha, zimenezi kawirikawiri ndi chibayo chimene chalowa pambuyo pa vairasi ndipo chimafuna dokotala. Kwa mwana onani ngati nthiti zikulowa m'kati akamapuma, akukana kuyamwa kapena kumwa, wakomoka, kapena akungogona osadzuka bwino. Khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi kufika madigiri 38 ndi kuchipatala basi, palibe zoyesa kunyumba. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku ndi kuonda, kayezetseni TB.

Ngati palibe chilichonse mwa izi, chitani zimene zimachiritsadi: gonani mokwanira, imwani madzi mpaka mkodzo uziyera, idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chukuchani pakhosi ndi madzi ofunda a mchere, sambani m'manja ndipo tsekani pakamwa potsokomola kuti a m'nyumba asatengere. Fodya ndi mowa muziike kaye pambali.

Mukachira ndipo mwayambanso kudya bwino, mapilisi aja mukhoza kusiya, sabata imodzi kapena masiku khumi akukwana, palibe chifukwa chopitirizira a 1,000 chaka chonse. Ngati mukufuna kaphindu kofupikitsa chimfine kaja, kumbukirani kuti kanapezeka kwa omwa tsiku ndi tsiku asanadwale, nde njira yake ndi mamiligalamu 200 patsiku kapena zipatso ndi masamba tsiku lililonse, osati kuthamangira botolo mphuno itatseka kale. Otsalawo asungeni m'botolo lake lotseka bwino, pouma, posafika dzuwa, osati kubafa kapena pafupi ndi pophikira chifukwa chinyezi chimawawononga msanga, makamaka osungunula m'madzi aja. Mukadzatsegula nthawi ina nkupeza asanduka abulauni, anyowa, akumatana kapena deti yake yadutsa, atayeni mugule ena.